Manja a Alamu Anga

Anthu akandifunsa chimene chinandipititsa ku Halale amayembekezera kuti nditchula njinga kapena jekete. Anzanga ambiri a ku Ngauma ankapitira zimenezo, ndipo sindiwanyoza, njinga ndi chinthu chabwino. Koma ine ndinapita kukafuna munthu mmodzi, ndipo nyambo yanga inali Chingerezi.

Chingerezicho ndinachitola mwamwayi. Ndili mnyamata, amalume anga okhala kutsidya kwa malire, cha ku Namwera, ananditenga kuti ndizikawawetera mbuzi. Pafupi ndi kwawo panali sukulu ya mishoni, ndiye mbuzi zinkadya kuseri kwa tchalitchi ine ndili m'kalasi. Mutu wanga unali wogwira, sindibisa. Nditabwerera kwathu ndinali ndi chilankhulo chimene sichikanandigulira ngakhale mchere, chifukwa kwathu kunali kwa Apwitikizi. Msipayi, msilikali wa ku posito komwe kunali boma lawo, akakumva ukuyankhula Chingerezi ankakuyang'ana ngati waba nkhuku ya a shefu, bwana wa pa positopo. Choncho ndinkachiyankhula ndi fodya m'munda, ndipo fodyayo sananditsutsepo ngakhale tsiku limodzi.

Pamene ndinali ku Namwera, achemwali anga a Rozina anakwatiwa ndi mwamuna wa mudzi woyandikana ndi wathu, dzina lawo a Zuze. Ine ndinangowaona pa tsiku la ukwati, ndipo maso anga anali pa nyama, osati pa mkwati. Ukwatiwo unali wa ankhoswe. Wa kutchalitchi ankadikira kuti padiri adzafike chilimwe, koma thonje linafika padiri asanafike. Masiku amenewo banja lililonse linkapimiridwa munda wa thonje, lifune lisafune, ndipo thonje likachepa pa sikelo mwamuna ankaitanidwa ku posito ku Mandimba. Kumeneko kunali mbalamatodya, thabwa lozungulira lokhala ndi chogwirira, lobooledwa timabowo, lomenyera m'manja. Chaka chimenecho mvula inadula msanga. A Zuze anabwerako ku Mandimba manja atatupa ngati maungu. Achemwali anawakulunga masamba a nthochi, n'kumawadyetsa ngati khanda. Atangoyamba kugwira okha chikho, anamva kuti akufunidwanso ku chibalo cha msewu. Anangonena kuti, "Ndikapeza malo ndidzakuitana," n'kulowa m'tchire. Kuyambira pamenepo kunali zii.

Kwathu mkazi sakwatiwanso chifukwa chongoti mwamuna wasowa. Pamafunika chisudzulo, ndiye kuti mwamunayo apereke kanthu kake kodziwika kuti ankhoswe aone kuti wammasula. Apo ayi, pabwere mboni yoti inaona manda. Achemwali analibe chilichonse mwa ziwirizi. Sanali pabanja, sanali wamasiye, sanali mbeta. Analibenso mwana, pamene anzawo a msinkhu umodzi anali atayamba kutuma ana awo kumadzi. Mayi a Zuze ankabwera nthawi ndi nthawi kudzakhala pakhonde pathu. Sankanena zambiri. Ankangokhala, kuti aliyense wodutsa aone kuti mkaziyu ali ndi eni ake.

Kenako kunatulukira a Alubeto. Njanji inali itangofika kumene ku Cuamba, tauni imene Azungu anaipatsa dzina lawo koma ife sitinavutike nalo. A Alubeto anali wa panjanjipo, bambo awo a kugombe, mayi awo Amakuwa, ndipo mkazi wawo anali atamwalira. Anabwera kwathu ndi lole yodzatenga mitengo yoyala pansi pa njanji, anapempha madzi pakhomo pathu, ndipo ludzu lawo silinathenso. Anayenda mwa dongosolo, kudzera kwa ankhoswe. A kwa Zuze anayankha kuti, "Mwana wathu sanafe. Tionetseni manda kapena chisudzulo." Zinatiwawa, koma pa mwambo sanalakwe.

Tsiku lina tikuthyola fodya, achemwali anaima pakati pa mzere.

"Achimwene, kodi ine ndikalamba ndikudikira munthu amene mwina ndi dzina langa lomwe anaiwala?"

"Mukufuna abwere, kapena akumasuleni?"

"Ndikufuna ndidziwe basi. Ngati ali moyo anene mawu amodzi. Ndatopa kuima pa mphambano."

Mlongo wamwamuna ndiye mwini mbumba, ndipo wamwamuna m'nyumba mwathu ndinali ine ndekha. Ndinawauza pomwepo kuti ndipita ku Halale, kumene othawa chibalo ambiri ankathera. Ndivomerenso kuti mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe, chifukwa ndinali nditalakalaka kale kuona kumene misewu imathera.

Sindinanyamuke ngati wothawa moto. Ndinakonzekera kuyambira dzinja limenelo mpaka chilimwe cha chaka chotsatira. Poti safunsa anadya phula, ndinayendera aliyense amene anabwerako ku Halale, kuyambira kwathu mpaka ku Amaramba, ndili ndi fodya wopota m'thumba. Munthu ukamupatsa fodya amamasuka pakamwa. Onse anandiuza chinthu chimodzi chimene chikanandigwetsa mphwayi ndikanakhala wina. Anthu a kwathu akafika kumeneko amasanduka Anyasa. Amasintha dzina, amasintha mudzi, amalumbira kuti kwawo ndi ku Zomba kapena ku Mulanje, poopa kubwezedwa kwa Apwitikizi. Ukafunsa za Zuze wa ku Ngauma, ngakhale Zuze mwini wakeyo akuthandiza kudabwa.

Nzeru inabwera kuchokera kwa mkulu wina wowamba nsomba ku Amaramba, amene anathera unyamata wake m'mapulazi a fodya. Iye anati chimene chimawawa kwambiri m'komboni si njala, koma kuima pamaso pa Mzungu iye akuyankhula za iwe ndi mnzake, iwe osamva kanthu. Anati munthu wodziwa Chingerezi kumeneko ndi mfumu. Ndinabwerera kwathu ndikuseka ndekha m'njira. Nkhuku yolusa suithamangitsa, umamwaza gaga n'kukhala pansi. Ndinaganiza kuti ndizikagwira ntchito ngati wina aliyense, koma Lamulungu ndizikaphunzitsa Chingerezi kwaulere, ndipo nyengo ya fodya ikatha ndizisamukira pulazi ina. Anthu azidzabwera okha kwa ine, ine n'kumawayang'ana manja.

Ndinafolera nyumba ya amayi udzu watsopano, ndinamanga nkhokwe ina, ndinabzala chinangwa chambiri chifukwa chinangwa chimadikira munthu m'nthaka osadandaula. Munda wa thonje ndinapangana ndi asuweni anga kuti azithandiza, kuti pasadzakhale wina woitanidwa ku Mandimba chifukwa cha ine. Madzulo ndinkayeseza kuphunzitsa, mapesi a chimanga ali ana asukulu. Amayi ankandisuzumira n'kumapukusa mutu, amvekere, "Mwana uyu sanachoke n'komwe, misala yayamba kale."

Pomaliza ndinapita ku Cuamba kukaonana ndi a Alubeto. Anandionetsa komboyo, sitima yawo ija, monyadira ngati anaibereka okha, kenako anandipatsa nsapato zawo za pantchito, zolemera ngati miyala.

"Ulendowu sindikudziwa kutalika kwake," ndinawauza. "Mudikira?"

"Alamu, njanji iyi ndinayenda nayo kuchokera kugombe, chitsulo chimodzichimodzi. Kudikira ndimakudziwa."

"Musafulumire kunditchula alamu. Alamu anga ndi amene ndikukawafunawo."

Anaseka, koma maso awo sanaseke nawo. Ndinamukonda munthu ameneyo kuyambira tsiku limenelo.

Malire ndinaoloka masana dzuwa likuswa mtengo, pafupi ndi Mandimba, nditasenza mtolo wa nsomba zouma ngati wopita kumsika. Kuchokera apo ndinayenda pansi, pena pa lole, mpaka ku Kabula, kumene ndinalembetsa ntchito ngati Mnyasa pa dzina la mudzi wa amalume. Chondiseketsa n'chakuti njira ya ku Halale imadutsanso kwa Apwitikizi, ku Tete. Tikudikira pantoni yotiolotsa Zambezi, msipayi wina anandiloza ndi ndodo n'kundifunsa m'Chipwitikizi kwathu. Ndinamva mawu ake onse, koma ndinakweza chibwano n'kumuyankha m'Chingerezi chotalika, chokhala ndi mchira. Ndinamuuza za nyengo, za thanzi la amalume, ndi za mbuzi zomwe. Analavula pansi n'kupita kwa wina. Tili pakati pa mtsinje, madzi ali mbali zonse, ndinadziwa kuti nzeru yanga igwira ntchito.

Moyo wa m'komboni sindiukometsera. Tinkagona m'tinyumba ta udzu tothinana, phoso lake mgaiwa ndi nyemba zofumbwa, ndipo kuzizira kwa kumeneko kumalowa mpaka m'mafupa. Tinkafunda bulangete limodzi anthu osadziwana n'komwe mayina enieni. Kapitawo akaliza chitsulo, umathamangira kumunda mame ali thoo, kuthyola fodya mpaka zala zitada bii ndi utomoni. Koma fodya ndinabadwa naye, moti posachedwa anandiika m'chigafa chosankhira masamba. Mmenemo munali nthabwala zambiri kuposa ntchito. Tinali Anyanja, Ayao, Alomwe, Asena ndi Azezuru eni dziko, tonse kusakaniza malilime mpaka kumvana. Wina akadwala tinkamugwirira mzere wake. Wina akamwalira tinkamuika ife, n'kufunafuna wopita kwawo kuti akatule zovala zake. Maliro oterowo ankandiopsa, chifukwa nthawi zina tinkaika munthu amene mudzi wake weniweni palibe ankaudziwa, ndipo ine ndinkasuzumira manja a malemuyo asanamukulunge.

Sukulu yanga inkakhala Lamulungu masana tikatha mapemphero, pansi pa mtengo uliwonse wa mthunzi. Ndinkalemba pa dothi ndi kamtengo. Poyamba anthu ankakayikira. "Waulere? Ndiye kuti pali chimene akufuna ameneyu." Sanalakwe, koma chimene ndinkafuna sichinali m'matumba mwawo. Ndinkawaphunzitsa zimene Mzungu amanena akakwiya, zimene amanena akafuna kukunyenga, mmene ungapemphere tchuthi osagwada, ndi mmene ungauzire dokotala pamene pakupweteka. Lamulungu lachiwiri mthunzi unkachepa. Ndinaika lamulo loti aliyense pofika azindipatsa moni wa m'manja, ndipo ndinkagwira dzanjalo nthawi yaitali mpaka mwini wake kuchita manyazi. Anandipatsa dzina loti Aphunzitsi Amanja. Ena ankati ndimaombeza, ena ankati ndikufuna mphete yoti ndibe.

Manja ndinawaona, abale. Opsa ndi moto wa m'mabalani owambira fodya, ophwanyidwa ndi ngolo, odulidwa zala ku migodi. Ndinazindikira mochedwa kuti pakati pa anthu aganyu dzanja lopindika si chizindikiro, chifukwa lili paliponse. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Fodya akagulitsidwa ndinkamanga katundu wanga n'kupita pulazi ina, ophunzira anga akundiperekeza ndi mazira ndi mbatata. Ndinaona mapiri a miyala yosanjikizana, ndinaona mzinda weniweni wa Halale ndi magetsi ake, ndinakwera sitima mpaka ku migodi ya malasha n'kubwerako. Ndinkasangalala, ndipo sindichita nazo manyazi. Aliyense wopita cha kwathu ndinkamupatsira nsalu ndi bulangete za amayi ndi achemwali, pamodzi ndi uthenga umodzimodzi woti sindinawapeze koma sindinatope. Mmodzi anandibweretsera yankho la achemwali lakuti, "Mukawauze kuti asasanduke mtchona wachiwiri." Mawu amenewo anandilasa, chifukwa mvula zingapo zinali zitadutsa ndithu.

Pulazi imene zinachitikira inali cha ku Malandelasi. Pakati pa ophunzira anga panali mmisiri wa matabwa, Mzezuru wamtima wabwino dzina lake Tapera. Zinkamukhumudwitsa kuona mphepo ndi nkhuku zikufufuta zimene ndalemba pa dothi. Lamulungu lina anabwera ndi mphatso itakulungidwa m'saka, n'kuivundukula pamaso pa onse. Linali thabwa lolembapo, lopakidwa mwaye kuti lide. Kuti ndizitha kulinyamula ndi dzanja limodzi poonetsa anthu, analisema lozungulira n'kuliikira chogwirira, ndipo anaboola timabowo tomangirira chingwe chopachikira.

M'manja mwanga munayabwa nthawi yomweyo. Munthu wosalakwayo, amene sanapondepo dziko la Apwitikizi, anali atasema mbalamatodya yeniyeni. Koma mphatso siikanidwa pagulu, ndipo iye anali akumwetulira mpaka m'makutu. Ndinathokoza, ndinatenga kachidutswa ka chinangwa chouma kamene kanali choko chathu, ndinalembapo liwu, n'kuyamba kuyenda pakati pa anthu nditalikweza m'mwamba kuti aliyense aone.

Kumbuyo kwenikweni kunkakhala bambo wina wandevu, wosonkhezera moto m'mabalani, amene ankati ndi Wilisoni wa ku Zomba. Sankajomba, koma sankayankhanso funso. Pa moni wa m'manja ankapezeka nthawi zonse atanyamula kanthu, kaya chipewa, kaya chikuni chokhalira, ndipo ankangogwedeza mutu. Tsiku limenelo anali atawerama, maganizo ali kwina, ndipo sanaone pamene mphatso inkavundukulidwa. Anadzidzimuka nditaima pamutu pake, thabwa lili m'mwamba. Manja ake onse anathawira m'khwapa, mutu unalowa m'mapewa, ndipo anakuwa ndi mawu amene sindidzawaiwala.

"Peredawu, sinyoro! Peredawu!"

Kumeneko n'kupempha chikhululukiro kwa Mpwitikizi. Azezuru anaseka, poyesa kuti ndi nthabwala. Koma amuna ena awiri, amene ankalumbira kuti kwawo ndi ku Mulanje, nawonso anali atabisa manja pakati pa maondo, ndipo sankaseka. Ndinatsitsa thabwalo pang'onopang'ono n'kuliika pansi chafufumimba. Ndinati sukulu yatha lero. Ndinamva chisoni chachikulu, komanso mtima unkagunda ngati wa mlenje.

Wilisoni uja ndinamupeza kuseri kwa balani atakhala pa mulu wa nkhuni. Ndinakhala pambali pake, osafulumira. Anthu omenyedwa ndi thabwa lija analipo ambiri, ndiye ndinangoponya mawu kuti ndione pamene agwere.

"Alamu, a Rozina akupereka moni."

Sanakane. Anatulutsa manja m'khwapa n'kuwaika pa maondo. Zala ziwiri za kumanja zinali zopindika, zouma ngati mizu.

"Ndinakudziwani Lamulungu loyamba," anatero a Zuze. "Mumaseka ngati achemwali anu."

"Nanga bwanji simunathawe?"

"Ndinkafuna kumva mayankhulidwe a kwathu. Ndinkati ndikhala kumbuyo, ndimve pang'ono, ndizipita."

Anandiuza zonse. Anali ndi mkazi wa komweko ndi ana, wamkulu wotha kale kupirikitsa mbalame m'munda. Anati poyamba ankadikira kuti apeze malo abwino, kenako anachita manyazi kuti wachedwa, kenako manyaziwo anakula kuposa iye. Anati akalota Mandimba amadzuka manja akupweteka, ndipo kumeneko sadzapondako mpaka imfa.

Ndinakwiya, ndipo ndinawauza. "Alamu, za Mandimba ndikumva, palibe angakukakamizeni. Koma amati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo pano amene akuvumbwa si inu. Inu muli m'nyumba, mukuotha moto ndi ana. Akuvumbwa ndi mlongo wanga. Pakamwa panu sipanamenyedwe, mukanatuma mawu."

Analira ngati mwana, bambo wandevu. Ine ndinangokhala, sindinawatonthoze, komanso sindinachoke. Atatha anati ndiwapatse nthawi mpaka fodya atagulitsidwa, ndipo ndinavomera.

Tapera atamva chimene anasema, anafuna kuliponya pamoto thabwalo. Ndinamuletsa. Analidula chogwirira n'kulisema la ngodya zinayi, ndipo linatitumikira bwino. Lamulungu lotsatira a Zuze anakhala kutsogolo, amuna awiri a ku Mulanje aja ali pambali pawo. Zinapezeka kuti mmodzi kwawo kunali ku Lúrio, winayo ku Amaramba, ndipo tinaseka mpaka misozi pokumbutsana mabodza amene tinkauzana. A Zuze Chingerezi sichinawalowe kwenikweni, lilime lawo linali louma. Chimene anafuna chinali kulemba. Chinangwa chinkapulumuka pakati pa zala zopindika zija, n'kugwa, iwo n'kutola, n'kugwanso. Ndinkawagwira dzanja n'kumaliyendetsa. Nditafunsa kuti tiyambe ndi dzina liti, anayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona kuti, "La kwathu." Pamene fodya ankapita ku msika, anali akulilemba okha, lokhotakhota koma lowerengeka.

Tsiku lotsanzikana anaitana amuna awiri aja kuti akhale mboni. Anatulutsa m'thumba kansupa ka fodya wa m'mphuno, kakuda ndi kugwiridwa, kokulungidwa mikanda pakhosi pake. Kanali ka malemu bambo awo, ndipo mikandayo anailuka ndi mayi awo.

"Mukawauze a Rozina kuti ndawamasula. Alibe mlandu, mlandu ndi wanga. Akwatiwe, abereke. Amayi mukawauze kuti..."

Anaima pamenepo. Ndinadikira, koma sanamalize, ndipo ine sindinawaumirize. Tinagwirana chanza koyamba, dzanja lawo lopindikalo lili m'dzanja langa.

Ndinafika kwathu chimanga chitayamba kuuma. Mudzi unali utasuntha pang'ono kutsata madzi, moti ndinafunsa njira ya kwathu kwa ana amene anandithawa poona nsapato. Amalume a ku Namwera anali atamwalira. Amayi anali atapindika msana, ndipo anandigwiragwira kumaso asanavomere kuti ndine. Achemwali anali ndi imvi zingapo pamwamba pa khutu. Ndinawayalira nsalu zimene ndinabwera nazo, koma sanaziyang'ane n'komwe.

"Mwawapeza?"

"Ndawapeza. Ali moyo, ali ndi banja. Akumasulani."

Anakhala pansi pomwe anaimapo. Sanalire, sanaseke. Anapuma mpweya wautali ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni, kenako anafunsa ngati ndadya. Za a Alubeto sindinachite kufunsa. Amayi anati munthuyo sanaphonyepo chilimwe osabwera ndi mchere ndi sopo, n'kukhala pabwalo ngati mlendo wamba, n'kubwerera.

Ankhoswe a mbali zonse anakumana m'mawa pakhomo pa mayi a Zuze. Mayiwo anali atakalamba kwambiri, maso atachita khungu, ndipo anawakhazika pa mphasa pafupi ndi khomo. Ndinafotokoza ulendo wonse, za pulazi, za dzina la Wilisoni, za mkazi ndi ana, ndi za mboni ziwiri. Kenako ndinaika kansupa kaja pakati. Amuna a kwa Zuze anayamba kuvuta. Wina anati nsupa zimafanana. Wina anati mwina ndinagula kwa wakuba, mwinanso ndinachotsa pa mtembo. Wina anati munthu wa Chingerezi sangasowe bodza. Ndinawasiya alankhule, chifukwa ndinkadziwa chimene ndanyamula.

"Bweretsani kuno," anatero mayi aja.

Phokoso linatha. Anakalandira ndi manja awiri, n'kuyendetsa chala pa mikanda, umodzi umodzi, mpaka pamene panali mfundo. Anatsegula n'kununkhiza.

"Nsupa ndi ya bambo ake. Mfundo iyi ndinamanga ndine. Fodyayu ndiye wachilendo." Anatembenukira kumene kunkachokera mawu anga. "Abwera?"

"Ayi, mayi. Sabwera."

Anatseka kansupa kaja pang'onopang'ono. Ndinkayembekezera kuti afunsa za zidzukulu, kapena chifukwa chake mwana wawo sanatume mawu zaka zonsezi. Koma iwo anali adakali pa tsiku limene anamuona komaliza.

"Manja aja anapola?"

"Anapola, mayi. Zala ziwiri zinapindika, koma amagwira nazo ntchito. Amalemba nazo ndi dzina lawo lomwe. Ndinawaphunzitsa ndine."

"Dzina liti?"

"Limene munawapatsa inu."

Anagwedeza mutu kangapo. Kenako anaitana, "Rozina, sendera kuno." Achemwali anayenda chogwada mpaka pa mphasa. Mayiwo anafufuza dzanja lawo, anaikamo kansupa kaja, n'kuwapinda zala kuti agwire.

"Pita, mwana wanga. Wadikira mokwana. Amene ali ndi mawu ena ayankhule ndi ine."

Panalibe amene anali ndi mawu ena. Amayi anga anayamba kululutira chapansipansi, ndipo ine ndinali nditayamba kale kuganiza za amene ndingamutume ku Cuamba. Koma achemwali sanadzuke. Anayang'ana kansupako, chisudzulo chimene anachidikira utsikana wawo wonse ndipo ine ndinachiyendera dziko lonse lija. Kenako anatsegula dzanja la apongozi awo n'kukabwezeramo.

"Ine mawu andikwanira, amayi. Aka sungani inu."

Mayi a Zuze anakanunkhizanso kamodzi, n'kukamangirira pa ngodya ya nsalu yawo, mfundo ziwiri.